Tsiku Limene a Masofa Anakhala ndi Sofa

A Masofa analibe sofa. Aliyense mumsewu mwawo ankadziwa zimenezi, ndipo zinasiya kalekale kuseketsa anthu. Munthu amene anathera moyo wake wonse akuvula ndi kuveka mipando ya anzake, kunyumba kwake kunali benchi lalitali, mipando iwiri ya pulasitiki, wina womanga mwendo ndi waya, ndi tebulo lomwe linali lodyerapo, lositirapo komanso lowerengerapo. Akazi awo akawakumbutsa za sofa, iwo ankangoti chaka chamawa. Zaka zamawazo zinadutsa zambiri, ana awiri anakulira pa benchi lomwelo mpaka kukwatiwa, ndipo mayiwo anasiya kufunsa.

Shedi yawo inali kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, chipinda chimodzi cha malata chomwe masana chinkatentha ngati uvuni. M'katimo munkamveka fungo la guluu ndi fumbi la siponji yakale. Pakona panali makina osokera opalasa ndi phazi, pakhoma sizasi yaikulu ndi zidutswa za nsalu zamitundumitundu, ndipo panja pankakhala mzere wa mipando yodwala, ina masipuling'i ali pamtunda, ina yothyoka mkono, uliwonse kudikira nthawi yake. Pogwira ntchito ankaika timisomali mkamwa n'kumatulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, hamala ili m'manja. N'chifukwa chake anthu ankati ndi munthu wosalankhula. Nkhani anali nazo zambiri, koma munthu wa misomali mkamwa amayamba waganiza asanatsegule pakamwa, ndipo chizolowezicho chinawatsatira mpaka kunyumba.

Ntchito yawo ankaikonda, ndipo sankabisa. Ankati mpando sunama. Akauvula nsalu ankadziwa mbali imene mwini nyumba amakhala, ankadziwa nyumba ya ana ambiri ndi nyumba ya munthu wogona pa sofa chifukwa kuchipinda sikukuyenda bwino. M'mipata ya mpando ankapezamo zipeso, ndolo, makiyi, mapilitsi ndi mabatani a suti, ndipo zonsezo ankaziika m'kajumbo n'kumangirira pa mkono wa mpandowo kuti mwini wake akazipeze. Zimene aona m'mipando ya anthu sankauza munthu, ngakhale akazi awo, omwe nthawi zina ankayesa kuwakanda kuti amveko za kwa akuluakulu.

Koma tisawayamikire kwambiri, poti vuto anali nalo, ndipo linali lalikulu. A Masofa sankafuna kuti munthu aone kusowa kwawo. Ankapita ku shedi atavala shati yosita, kukavula komweko, kuvala ovolosi, madzulo n'kusamba pampopi kuti abwerere ali waudongo ngati kalaliki. Mwezi ukavuta, ankachita kutsuka m'mano pakhonde ngati angodya nyama kumene. Mlendo akabwera, shuga wotsala yense ankathera mu kapu ya mlendoyo, banja n'kumwa tiyi wopanda kanthu sabata yonse, iwo mtima uli m'malo. Ana awo anakula akudziwa kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo.

Mwana wawo wotsiriza, aliyense ankangomutchula kuti Mzime, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka aphunzitsi ake ankamuitana choncho. Anali mtsikana wowonda, wofatsa, wokonda kumasula zinthu kuti aone m'kati mwake. Mpopi wa mumsewu ukayamba kudontha, amayi a mumsewumo ankatuma mwana kuti akamuitane iyeyo osati a pulambala. Atamaliza sekondale anakhoza mochititsa kaso, ndipo dzina lake linatuluka pa osankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira uinjiniya wa madzi. Tsiku limenelo a Masofa analavula misomali yonse m'kachitini, n'kutseka shedi dzuwa lili pamutu, chinthu chomwe sanachitepo ngakhale akudwala malungo.

Chisangalalocho chinakhala masiku owerengeka. Kenako kunabwera pepala la fizi. A Masofa analiona kamodzi kokha, n'kulibweza kwa mwanayo. Ngakhale mipando ya tauni yonse ikanang'ambika tsiku limodzi, sakanakwanitsa. Yunivesite inati malo amusungira chaka chimodzi chokha, akalephera apatsa wina.

Apa ndi pamene Mzime anayamba ntchito yomwe m'banjamo munalibe woidziwa, ntchito yosaka thandizo la maphunziro. M'mawa ankathandiza pa sukulu ya mkaka ya pafupi, ndipo kandalama ka kumeneko kankathera ku bandulo ya intaneti ndi ku fotokope. Madzulo ankakhala pa tebulo lija ndi foni yosweka galasi, kuyenda ndi chala. Anaphunzira kuti masikolashipu ambiri ndi a anthu amene ali kale ndi digiri, ena ndi a ana a antchito a kampani inayake, ena tsiku lotseka linadutsa dzulo. Anaphunzira kuwerenga zolembedwa ting'onoting'ono za kumunsi asanayambe kusangalala. Anazolowera kukaima pa bolodi la zidziwitso ku laibulale, kukagogoda kwa ahedi ake akale kuti amulembere umboni, ndi kukadinditsa mapepala ku maofesi komwe munthu wa chidindo amakhala atangotuluka kumene nthawi zonse. Wina anamuimbira foni ndi mawu okoma kuti wapambana thandizo la kunja, angotumiza kaye ndalama yolembetsera. Mzime anamufunsa kuti bwanji osangodula pa thandizolo, ndipo foniyo inaduka yokha.

Bambo ake ankaona zonsezi ali pa benchi. Zinkawapweteka kuti mwana akumenya nkhondo imene iwo sangathe kumuthandiza. Chimene anatha kuchita, anamusokera chikwama cha mapepala ndi zotsala za nsalu ya mpando, cholimba moti mvula sinkalowa. Mayankho ankabwera apo ndi apo, onse oyamba ndi kuthokoza. Mzime anafika poti akaona uthenga woyamba ndi kuthokoza, sankawerenganso kumunsi.

Miyezi itapita ndithu, bungwe lina laling'ono lothandiza atsikana ofuna maphunziro a sayansi linamuitana. Anakalemba mayeso, anakayankha mafunso pamaso pa anthu anayi, ndipo patapita masabata anamuuza kuti watsala pa ochepa omaliza. Chotsala chinali chimodzi: anthu a bungwelo adzabwera kunyumba Loweruka m'mawa.

Pamenepa ndi pomwe Mzime analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa chokonda bambo ake. Ankadziwa bwino lomwe kuti alendowo akubwera kudzatsimikiza kuti banjalo ndi losowadi. Koma angayambe bwanji kuuza munthu wotsuka m'mano pakhonde kuti kukubwera anthu odzaona umphawi wake? Anazungulira, anafewetsa, mpaka mawu amene anatuluka anali akuti alendo akufuna kudzawaona makolo ndi kudziwa pamene iye amakhala. Ananena Lachinayi madzulo. Lachisanu m'mawa ananyamuka kupita kwa mkulu wake yemwe anali atangobereka kumene kutsidya kwa tauni, atapangana kuti Loweruka akakumana ndi alendowo pa siteji n'kubwera nawo.

A Masofa anayang'ana benchi, anayang'ana mpando wa waya, anayang'ana zenera lomwe katani yake inali nsalu yakale ya akazi awo, ndipo mtima unawawa. Anthu ophunzira, oyenda pa galimoto, akhale pamenepa? Akazi awo anapita kukafunsa nzeru kwa mayi a saluni oyandikana nawo, munthu wodziwa chilichonse chifukwa makasitomala ake amalankhula mitu ili m'madzi. Mayi a saluni sanachedwe. Anati anthu a ndalama saponya ndalama zawo paliponse, amafuna kuona kuti mwanayo akuchokera pakhomo polongosoka, poti akakafika ku yunivesite asakawachititse manyazi. Anati iwo anamvapo za mtsikana wina amene anamukana chifukwa alendo anapeza nkhuku itakwera pa tebulo. Nkhani ya nkhukuyi palibe anaifufuza, koma pofika masana msewu wonse unali utagwirizana kuti Mzime ndi mwana wa tonse ndipo sangagwe chifukwa cha benchi.

Mayi a saluni anabweretsa makatani ndi tivi ya mu saluni mwawo. Akazi a dalaivala wa minibasi anapinda kapeti ya pabalaza pawo. Mwini golosale anali ndi firiji yomwe inafa kalekale koma kunja inkawala bwino, ndipo anati kwa tsiku limodzi palibe adzaifunse ngati imazizira. Kunabwera maluwa a pulasitiki, makapu a galasi, wotchi ya pakhoma, mpaka chithunzi cha mathithi chokhala mu felemu yagolide.

Chinatsala ndi pokhala. Ku shedi kunali sofa ya a Loya, yokhala anthu atatu, yomwe a Masofa anali atangoimaliza: nsalu yobiriwira yofewa ngati ubweya wa mphaka, mabatani ozama bwino kumsana, siponji yatsopano yolimba. Mwini wake anali pa ulendo mpaka sabata yamawa. Pa zaka zonse za ntchito yawo a Masofa anali asanatulutsepo katundu wa kasitomala mu shedi kupita kwina. Anaizungulira sofayo kangapo, manja kumbuyo. Kenako anaikuta ndi mapepala a pulasitiki n'kukaitana mnzawo wowotcherera zitsulo kuti abwere ndi ngolo yake.

Sofayo inakana kulowa pakhomo. Anaipendeketsa, anaiimika, anaitembenuza, wowotcherera uja akutukwana pansipansi, koma mkono umodzi unkatsalabe panja. Mapeto ake anamasula chitseko pa mahinjesi. Italowa inadzaza theka la chipinda, ndipo benchi ndi mipando ya pulasitiki anazitengera kuseri kwa nyumba n'kuzifunditsa chiguduli.

Dzuwa likulowa anthu anabalalika, awiriwo n'kutsala ataima pakati pa nyumba yawo ngati alendo. A Masofa anali atalamula kuti pa sofapo pasakhale munthu mpaka mawa. Koma akazi awo anapukuta manja pa chovala chawo, anakhala pang'onopang'ono m'mphepete, kenako anatsamira, n'kutseka maso. Anati kani anthu amamva chonchi. A Masofa anatsegula pakamwa kuti awadzudzule, koma anaona nkhope ya mkaziyo ndipo anangokhala nawo pambali. Anakhala choncho kanthawi, akuyang'ana tivi yosayatsa, ndipo kunena zoona anasangalala kwambiri.

Loweruka m'mawa a Masofa anavala jekete lawo la paukwati. Mumsewu munadzaza anthu otanganidwa ndi ntchito zosaoneka: wina kusesa pomwe asesa kale, wina kuyanika chovala chouma. Alendo sanabwere pa galimoto. Anatsika minibasi, ndipo anali awiri: mayi wachikulire wa nsapato zafulati zodzaza fumbi, ndi bambo wa magalasi yemwe anali mphunzitsi wopuma ntchito. Mzime anali patsogolo, chikwama chake cha mapepala pachifuwa.

Atafika pakhomo mwanayo anaima. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana nyumbayo kunja, ngati wasochera. Bambo ake anaona zimenezo n'kumwetulira, poganiza kuti mwana wasowa chonena ndi chimwemwe.

Analonjerana mwaulemu. Alendo anakhala pa sofa, bambo wa magalasi n'kuisisita ndi dzanja, kuyamikira nsaluyo. Tiyi anabwera m'makapu a galasi, mabisiketi pa mbale ya maluwa. Mayi wa bungwe anatulutsa cholembera n'kuyamba kufunsa modekha: m'nyumba muno mumakhala anthu angati, ntchito ikuyenda bwanji, ana enawo amathandiza? A Masofa anayankha monga ankayankhira moyo wawo wonse, kuti ntchito ikuyenda, sitidandaula, Mulungu akutisunga. Atafunsidwa za firiji anati yakhalitsa, zomwe sizinali bodza. Mayiyo ankayang'ana tivi, kapeti, wotchi, n'kumalemba. Mzime anathira tiyi mpaka wina anatayikira mu sosala, kenako anakaima pafupi ndi firiji, maso pansi.

Mayi uja anatseka cholembera chake. Sanali munthu waukali, ndipo analankhula ngati wotopa ndi kuyenda.

"Bambo, ndikuuzeni mosabisa, kuti musadzadabwe. Thumba lathu ndi laling'ono, ana ofuna ndi ambiri. Timayenda chonchi kuti tipeze amene alibiretu pogwira. Mwana wanuyu mutu uli bwino, tonse tinamukonda. Koma zimene anatiuza za pakhomo pano ndi zimene tikuona sizikugwirizana. Zikatero timakhulupirira maso athu, ndipo mwana amene watiuza zosaona timamuchotsa."

Anatembenukira kwa Mzime n'kumufunsa ngati ali ndi chonena. Mzime anapukusa mutu.

A Masofa anayang'ana mwana wawo. Zonse zinawalowa nthawi imodzi: chifukwa chomwe mwana anaima pakhomo, chifukwa chomwe tiyi anatayika. Koma chimene chinawalasa kwambiri ndi kupukusa mutu kuja. Mwanayo anali ndi mawu ochepa chabe oti anene, kuti katunduyu ngobwereka, ndipo malo ake akanapulumuka. Sananene. Analolera kutchedwa wabodza, analolera kuti miyezi yonse ija ya mafomu ndi zidindo ipite m'madzi, kusiyana n'kuvula bambo ake pamaso pa alendo. Anamulera okha choncho, ndipo tsopano maleredwe awowo anali kumudya mwanayo iwo akuona.

Anaimirira. Anavula jekete n'kulipereka kwa akazi awo.

"Pepani alendo athu, ndikupempheni muimirire pang'ono."

Alendo anayang'anana, n'kuimirira makapu ali m'manja. A Masofa anagwira sofa ija kumsana, naigwetsera kutsogolo mosamala mpaka miyendo inaloza kudenga. Pa thabwa la pansi panali zolemba za choko, monga ankalembera pa mpando uliwonse wolowa mu shedi: mwini wake ndi tsiku lodzatenga.

"Sofa iyi ndi ya kasitomala wanga, ndaitenga ku shedi dzulo iye osadziwa. Tivi ndi makatani ndi za mayi a saluni. Kapeti njobwereka, firiji njobwereka, makapu amene mwagwirawo ngobwereka. Mwanayu sananame. Wonama ndine. Ndinamva kuti kukubwera alendo, ndiye ndinachita manyazi ndi nyumba yanga."

Bambo wa magalasi anaika kapu pansi, anapita pa firiji n'kuitsegula. M'katimo munali miphika yakuda ya mayi a m'nyumbamo, simbi ya makala ndi nsapato zakale za a Masofa, zomwe mayiwo anabisamo m'mawa posowa kozilowetsa. Bamboyo anayang'ana kuseri kwa firijiyo, napeza kuti ilibe ngakhale chingwe cha magetsi. Anayesa kudzigwira, mapewa akugwedezeka, mpaka analephera n'kuvula magalasi kuti apukute misozi.

Mayi wa bungwe sanaseke msanga. Anati pa ntchito yakeyi waona zambiri: mabanja osamutsira katundu kwa aneba alendo asanafike, ana ovekedwa nsanza za dala, galimoto yobisidwa kuseri kwa tchalitchi. Koma anthu obwereka chuma kuti awakane thandizo anali asanawaonepo, ndipo sankadziwa kuti alembe chiyani. Anafunsa ngati eni katunduyo angapezeke.

Funso limenelo linali losafunika, chifukwa eni katundu onse anali pansi pa zenera. A Masofa anangosuntha katani, n'kuwauza kuti aliyense adzatenge chake. Mayi a saluni analowa oyamba, nkhope ili pansi, akulonjera alendo ndi mawu aang'ono omwe palibe anawamvapo chiyambire. Ananyamula tivi yawo, n'kubweranso kudzamasula makatani. Akazi a dalaivala anapinda kapeti alendo akusuntha mapazi. Mwini golosale ndi wowotcherera anatulutsa firiji, miphika atakhuthulira pansi. Wotchi inatsika, mathithi anatsika, maluwa anatuluka. Chitseko chinamasulidwanso pa mahinjesi kuti sofa ya a Loya ituluke, ndipo mayi a m'nyumbamo anaiperekeza ndi maso mpaka pa ngolo.

Kenako a Masofa anapita okha kuseri, anachotsa chiguduli, n'kulowetsa benchi lawo. Analipukuta ndi dzanja n'kupempha alendo kuti akhale. Mayi wa bungwe anakhala, natsegulanso cholembera chake, n'kuyambiranso mafunso onse kuchokera poyamba. Ulendo uno a Masofa anayankha zoona. Anati pali miyezi imene mu shedi simulowa mpando ngakhale umodzi, poti masiku ano anthu amagula masofa otchipa a m'sitolo n'kutaya akatha. Anati ana aakuluwo nawonso akuvutika ndi mabanja awo. Anati pepala la fizi analiona ndipo sanagone. Zinali zinthu zomwe ngakhale akazi awo anali asanawamvepo akunena mokweza, ndipo ankazitulutsa chimodzichimodzi, movutikira, maso ali pa tebulo. Pomaliza alendo anapempha kukaona shedi, ndipo anayenda wapansi kutsatira ngolo ya sofa ija. Potsanzikana mayiyo sanalonjeze kanthu. Anati iye amangolemba zimene waona, ogamula ndi ena.

Madzulo a tsikulo Mzime anawapeza bambo ake akubwezeretsa chitseko. Anawagwirira chitsekocho iwo akumanga masikuluwu, ndipo anapepesa kuti sanawauze zoona zake za alendowo, ankaopa kuwachititsa manyazi.

"Manyaziwo ndachita, mwanawe, msewu wonse ukuona," anatero a Masofa osasiya kumanga. "Taona, sindinafe. Koma tsiku lina usadzataye chako chifukwa cha nkhope yanga. Wamva?"

Mzime anati wamva. Anapitiriza kugwira chitsekocho mpaka sikuluwu yomaliza.

A Loya atabwera kudzatenga sofa yawo, a Masofa anawauza okha zimene zinachitika. A Loya anakwinya nkhope, anayendetsa chala m'misoko yonse kufuna banga, sanalipeze, ndipo ananyamula katundu wawo akung'ung'udza kuti sofa yawo yayenda tauni kuposa iwo. Mumsewu nkhaniyo inakhala ndiwo ya masabata angapo. A Masofa akamadutsa, wowotcherera ankafuula kufunsa ngati firiji ikuzizira bwino. Masiku oyamba ankadutsa mutu uli pansi. Kenako anayamba kuyankha kuti ikuzizira moti nsapato zawo zaundana, ndipo anadabwa kuona kuti kusekedwa ndi anthu okukonda sikupweteka monga ankaganizira zaka zonsezi. Mayi a saluni okha ndi amene sankafuna kuti nkhaniyi itchulidwe, makamaka mbali ya nkhuku.

Kudikira kunali kowawa. Tsiku lomwe yunivesite inaika linkayandikira, foni ya Mzime ili chete. A Masofa ankadzuka ndi mantha akuti mwina mayi uja analemba kuti banjali ndi la anthu osadalirika, ndipo mlandu wonse unali wawo. Sankanena, koma misoko yawo masiku amenewo ankaisoka n'kuiphwasula kawirikawiri.

Yankho linabwera tsiku wamba, masana, iwo ali m'kati movula mpando wa mu ofesi. Anaona chithunzithunzi pakhomo la shedi, atadzutsa mutu anapeza kuti ndi Mzime, akupuma mofulumira, atathamanga kuchokera ku sukulu ya mkaka ndi choko m'manja. Anati amuimbira. Bungwe lilipira fizi yonse ndi malo ogona mpaka amalize, bola azikhoza chaka chilichonse. Mabuku ndi sopo azionera yekha. A Masofa anamufunsa kawiri ngati wamva bwino, ngati sanali anthu a mawu okoma aja. Mzime anati anali mayi wa nsapato zafumbi yemwe uja, ndipo wapereka moni kwa benchi.

Sanavine, sanafuule. Anatsamira pa makina osokera n'kunena kuti zikomo kangapo, osadziwika ngati akuthokoza mwanayo, mayi uja kapena Mulungu. Za mabuku ndi sopo anati zimenezo ndi zawo, mipando ikadalipo yong'ambika pa dziko lapansi.

Tsiku lonyamuka, msewu wonse unaperekeza mpaka pa siteji, aliyense ndi malangizo ake. Mayi a saluni anamuluka tsitsi ulere. Wowotcherera anamupangira loko wa sutikesi wolemera kuposa sutikesiyo. A Masofa ananyamula katundu pa phewa, atavala shati yosita, akulonjera aliyense panjira ngati iwo ndi amene akupita ku yunivesite. Basi itanyamuka anaima mpaka inakhota, kenako anabwerera ndi akazi awo pang'onopang'ono.

Kunyumba anakhala pa benchi, wina uku wina uku. Pa tebulo panalibe mabuku, panalibe foni yosweka galasi, panalibe mapepala oti asunthe asanaike mbale. Mitima yawo inali yokhutira, koma chipindacho chinaoneka chachikulu mwachilendo. Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, napumira m'mwamba.

"Alendo aja akanabwera lero, abambo," anatero, "bwenzi atalemba okha kuti m'nyumba muno mulibedi kanthu."

A Masofa anaseka mpaka misozi inatsika, ndipo akazi awo sanawafunse kuti misoziyo ndi ya chiyani.